Ulendo Wautali wa a Sangpo Wopita Kuchimbudzi

Kathmandu, 14 Ogasiti 2011

Okondedwa Bambo,

Ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo ndi mawondo anu omwe. Kuno tili bwino, mvula yokha ndiyo yanyanya. Mayi aang'ono a Tsomo, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera. Musadumphe mawu ngakhale amodzi, ngakhale akuopsezeni ndi ndodo.

Bambo, nyumba yathu ya alendo ku Rimdo ikuyenda bwanji? Musandinamize. Kuntchito kwathu timatumiza azungu kumapiri sabata ndi sabata, ndipo amene amawaperekeza akundiuza kuti chigumukireni phiri lija, njira idasamukira kumunsi. Akuti palibenso mlendo amene amakwera kamtunda kofika pakhomo panu, onse amagona kwa mayi aang'ono m'mphepete mwa njira. Akutinso chisanu chathachi munatha masiku osakoleza moto chifukwa mawondo anakana kukatenga nkhuni.

Chisanu cha chaka chino simukhalanso nokha. Alendo akabwera nyengo ino, mupeza chomupatsa munthu woti akhale nanu, ndipo ine nditseka pakamwa. Akapanda kubwera, sankhani: mubwere kuno kwa ine, kapena mutsikire kwa mayi aang'ono, amene anena kale kuti malo apafupi ndi mbaula alipo. Mukakana zonse ziwiri, mu Disembala nditumiza amtengatenga ndi dengu adzakunyamuleni ngati mbatata.

Ndine mwana wanu,
Yangdol


Rimdo, 2 Sepitembala 2011

Yangdol mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino, mawondo ali bwino, ndipo amene akuti sali bwinoyo abwere tidzathamangitsane. Kalata yako yafika ndi anthu a abulu, ikununkha parafini.

Ukudziwa kuti ine kusukulu sindinapondeko, ndipo mpaka lero sindinaone chimene ndinaluza. Mawu ndi anga, dzanja ndi la mlamu wangayu, amene anaphunzira kulemba kukachisi asanazindikire kuti kulanda alendo a eni kumanona kuposa kupemphera. Lembani zimenezo, alamu. (Ndalemba. Ndine Tsomo.)

Ku Kathmandu ndinapitako kamodzi, mayi ako ali moyo. Anthu amagona mosanjikizana ngati mapoto, madzi akumwa amachita kugula, ndipo galu sadziwa mbuye wake. Ndikatani kumeneko? Za kwa mlamu usatchulenso. Ine Sangpo, amene ndinaphikira azungu oyamba m'chigwa chino iwe usanabadwe, ndikadzipinde pambaula ya munthu amene mphodza yake ndi madzi okhaokha, oti n'kusambitsira mwana? (Akabwera kuno amadya mbale ziwiri.) Dengu lakolo ulisunge, udzanyamuliremo ana ako tsiku limene udzaganize zokwatiwa.

Tsopano tamva nzeru za munthu wosaphunzira. Ukukumbukira khoma la miyala ya mapemphero limene agogo ako anamanga, lija lili pakati pa njira usanafike kwa mlamu? Palibe munthu wobadwa bwino amene amalidutsa lili kumanzere kwake. Ngakhale ng'ombe zathu zimadziwa kuti khoma limakhala kudzanja lamanja. Azungu sadziwa, koma owaperekeza amawakoka chikwama n'kuwabwezera mbali yoyenera. Tsono wopita kumapiri amalizungulira mbali ya kuno kwathu. Nanga khomalo litatalika? Litakwera kamtunda konseka mpaka pakhomo panga? Wofuna kulizungulira azikwera mpaka kumene lathera, ndipo kumene latherako kuli ine ndi ketulo. Kuchotsa mwala wa pemphero ndi tchimo, koma kuwonjezera ndi dalitso. Angandiletse ndani? Ngakhale a lama, akulu a pakachisi, satsegula pakamwa.

Unditumizire matchizulo atsopano, anga abuntha. Zilembo za papepala sindizidziwa, koma pemphero la pamwala ndinayamba kulisema ndili mwana, ndimalidziwa ngati nkhope ya mayi ako.

Bambo ako,
Sangpo


Rimdo, 29 Sepitembala 2011

Yangdol,

Moni. Sunayankhe, matchizulo sanafike, kaya abulu adya. Uli moyo? Undiuze.

Khoma latha popanda matchizulo ako. Lachoka panjira, lakwera ngati njoka pakati pa munda wa mbatata, lafika pakhomo penipeni. Ndipo ukudziwa wandithandiza ndani? Mlamu! Anandibwereka ng'ombe zake ziwiri zaubweya zokokera miyala. Ine, poti ndine munthu woona mtima, ndinamufunsa kuti, "Alamu, mukudziwa kuti khomali likudyerani alendo?" Iye anati, "Ndikudziwa, alamu. Tengani ndi miyala ya khola lakale lija, yangokhala." Waiona sukulu? Munthu kudziwa kuwerenga pepala, koma osaona chimene chili pamphuno pake. (Ndalemba monga anenera.)

Dzana kunabwera gulu loyamba. Ndinali pakhonde ndikuwaonera kumtunda kuno. Wowaperekeza anali Mingmar, uja wa dzino lagolide. Anaima pamene khoma layambira, n'kuliyang'ana mpaka khosi kupweteka. Mayi wina wachizungu analoza mpata wa mbali inayo, pamene pali poyera poti n'kudutsa galimoto. Mingmar anapukusa mutu, nati kumeneko n'kwa otsika. Anakwera, mwana wanga. Ndi ndodo zawo ziwiriziwiri, malilime kunja ngati agalu a m'chilimwe.

Mingmar atapezako mpweya anati, "Madala, mwapenga?"

Ndinati, "Ndapemphera. Tiyi wa batala kapena wa shuga?"

Onse anagona kuno, miyendo inakana kupitirira. M'mawa anadzuka dzuwa lisanatuluke n'kuima panja atafunda mabulangete anga kudikira phiri. Phiri lomwe lija limene limatibisira dzuwa mpaka mbatata kuchedwa kukhwima. Litayera nsonga, mmodzi anagwetsa misozi. Ndinauza Mingmar amufunse ngati kwawo kulibe miyala, koma anakana kumasulira.

Tsono za dengu iwala. Uyambe kundifunira munthu wodziwa kuwaza nkhuni, wosalongolola.

Bambo ako,
Sangpo


Kathmandu, 6 Okutobala 2011

Bambo anga okondedwa,

Moni. Kalata yanu ya pa 2 Sepitembala ndailandira dzulo. Operekeza alendo andiuza kuti mwezi wonse mwakhala mukusema mapemphero ndi kusenza miyala osapuma, inu amene chimwalirireni amayi simunalowe m'kachisi. Mnzanga wa kuntchito akuti agogo ake anachitanso chimodzimodzi atamva m'thupi kuti masiku awo ayandikira.

Za alendo mwalembazo ndikudziwa kuti mukungondiphimba m'maso. Palibe munthu wamutu wabwino angamange khoma la mapemphero kuti agulitse tiyi. Ndimakudziwani, simunganene kuti mukuopa. Ndikhululukireni za mbatata zija, ndinalankhula mwachibwana.

Ndatumiza matchizulo, batala wa nyale zamapemphero, ndi nsalu yoyera. Ndapemphanso a lama akuno kuti azikutchulani. Mayi aang'ono, mundiuze zoona: akudya? Akuyenda okha? Bambo, musapite ndisanafike.

Mwana wanu,
Yangdol


Rimdo, 23 Okutobala 2011

Iwe Yangdol,

Moni, ngati moni amaperekedwa ndi maliro. Batala wako wa nyale ndamwera tiyi. Nsalu yoyera ndatseka nayo pazenera pamene pamalowa mphepo. A lama akowo uwauze asiye kutchula dzina langa, angalithe. Ukufunsa ngati ndikuyenda? Mwana wanga, m'chigwa muno mulibe munthu amene akuyenda kuposa ine.

Pali kankhani kakang'ono kamene sindinakuuze m'kalata ija chifukwa pepala linatha. (Pepala linalipo.)

Chimbudzi chathu ukuchidziwa, chili pafupi ndi khomo, poti utalavula malovu afika. Tsono khoma lathera pakhomo, ndipo chimbudzi chagwera mbali imene anthu amakwerera. Ukachoka pakhomo kulunjika kuchimbudzi, khoma likhala kumanzere. Ndiye sizingatheke. Wofuna kupitako ayenera kutsika kamtunda konse mbali yotsikira, kudutsa pakhomo pa mlamu, kuzungulira kumunsi kunjira, n'kukweranso mbali inayo mpaka kufika. Pobwera ndiye pafupi, zimenezo usaiwale kuuza anthu.

Usandiuze zoti ndikumbe china. Malo aja anasankha ndi a lama akale, chifukwa kwina konseku n'kwa mizimu ya pakasupe, ndipo ukaidetsera imakumwaza zilonda thupi lonse. Ndinaitanitsa a lama atsopanowa kuti aone ngati tingachotse miyala ingapo pakhale kampata. Anayang'ana khomo, anayang'ana chimbudzi, anaseka mpaka chipewa kugwa. Anati, "A Sangpo, dalitso lanu ndi lalikulu. Muzilizungulira."

Ine ndiye ndimazungulira. Vuto ndi alendo. Sabata yatha kunabwera mzungu wamtali wandevu, m'mimba mutamutsegula ndi madzi a kumunsi kumene anachokera. Tikudya mpunga, anangodzambatuka n'kulunjika kuchimbudzi, khoma lili kumanzere. Ndinamupingasira ndodo.

Wowaperekeza anati, "Madala, muloleni, munthuyu afa!"

Ndinati, "Afe khoma lili kumanja."

Anati, "Si wachipembedzo chathu uyu!"

Ndinati, "Pokwera munamuzungulitsa bwanji? Chipembedzo chimatha munthu akamva m'mimba?"

Anamulozera njira. Yangdol, ndakhala ndikuona azungu zaka zonsezi, koma sindinaonepo wotsika phiri liwiro lotero, dzanja limodzi pathalauza, lina likupalasa mphepo. Anzake anatuluka n'kumamujambula. Atafika kumunsi, mlamu anali ataima kale pakhomo, chitseko chili pululu. Ukudziwa kuti mlamu ali ndi chimbudzi cha m'nyumba, chokhala ngati mpando. Munthu uja sanabwerenso. Anangotuma wodzatenga chikwama.

Kuyambira tsiku limenelo ndi momwemo. Amakwera kwa ine, amamwa tiyi, tiyi amagwira ntchito yake, amatsika, mlamu amawameza. Wothirira ndine, wokolola ndi wina. (Sindiitana munthu. Ndimangotsegula chitseko.)

Nanenso ndikamadutsa amandiitana. "Alamu, ulendo ndi wautali, imwani kaye tiyi." Ndimamwa kuti ndimuthere batala. Koma tiyi ndi tiyi. Ndikangofika kumtunda, kukhala pansi pang'ono, basi ulendo wina wayamba. Usade nkhawa, ndikuganiza nzeru ina. Undiuze nkhani za kumeneko, kupatula za maliro.

Bambo ako amoyo,
Sangpo


Kathmandu, 10 Novembala 2011

Bambo,

Moni. Makalata anu awiri afika tsiku limodzi. Ndinalira chifukwa muli moyo, kenako ndinalira chifukwa cha zinazo.

Lolemba abwana anatiitana tonse. Anatulutsa chithunzi chimene mzungu wina watumiza: mkulu wachipewa chaubweya atapingasa ndodo, kumbuyo kwake kachimbudzi, kuseri phiri likuwala. Akuti kwawoko chithunzichi chafala, ndipo alendo akubwera muofesi kudzafunsa ulendo wopita ku mudzi wa chimbudzi chopatulika. Ena akuti za akachisi ndi za nyanja za m'mapiri atopa nazo, akufuna kukathamangitsidwa ndi mkulu wa ndodo. Abwana aziika kale m'kabuku kathu ka maulendo. Kenako anafunsa kuti, "Paja Yangdol kwanu n'komweko, mkuluyu ukumudziwa?" Ndinati ndimangomuona. Anati ndikufunseni ngati mungamawamenyeko pang'ono, akuti alendo amakonda zenizeni.

Mwatchuka, Bambo, koma tinapangana za alendo ogona, ndipo onse akugona kwa mayi aang'ono. Wowaza nkhuni simumupeza ndi chithunzi. Komanso munthu wa mawondo ngati anu azitsika ndi kukwera kamtunda kaja pa chipale chofewa cha m'chisanu, tsiku lililonse, chifukwa cha chimbudzi chimene chili pamphuno pake? Kwa mayi aang'ono mwakana. Chatsala ndi dengu. Amtengatenga awiri afika kumayambiriro kwa Disembala. Mayi aang'ono, chonde muwalongedzere zovala, ndodo muibise.

Mwana wanu amene amakukondani ngakhale zili choncho,
Yangdol


Rimdo, 15 Disembala 2011

Yangdol mwana wanga,

Moni. Ndili bwino. Anthu ako a dengu anafika, ndipo abwerera. Kalatayi ikupeza pambuyo pawo, tsono umve kwa ine, chifukwa iwo akuuza zokhota.

Tsiku lina sabata yathayo ndinadya phala langa m'mawa, ndinatseka chitseko, n'kunyamuka ulendo wa kuchimbudzi monga mwa masiku onse. Ndili pakati pa kamtunda chipale chinayamba kugwa. Pofika kwa mlamu chinali chafika m'akakolo. Mlamu anati ndimwe kaye tiyi. Nditatuluka kuti ndipitirize, mbali yokwerera yonse inali itakwiririka, khoma likungooneka msana. Kubwerera njira imene ndinadzera, khoma likhala kumanzere. Ndiye ndinalowanso m'nyumba kudikira.

Ndikudikirabe.

Anyamata ako anandipeza pamenepo, pafupi ndi mbaula. Wamkuluyo anatula dengu, nati, "Agogo, tatumidwa. Lowani, taikamo ndi pilo."

Ndinati, "Mwana wanga, kwanu n'kuti?"

Anati kuchigwa cha kuseriku.

Ndinati, "Ndiye ndiwe mwana wa anthu. Kwanuko munthu akayamba kuzungulira khoma la mapemphero, amasiyira pakati?"

Anati, "Ayi, agogo, limenelo ndi tsoka."

Ndinati, "Nanga womuchotsa pakatipo, tsoka lake limakhala lotani?"

Anayang'anana. Wamng'onoyo anati, "Ndiye tikunyamuleni timalize kuzungulirako, kenako tizipita." Ndinati chabwino, tiyeni. Anatuluka kukaona njira. Wamkulu anaponda kamodzi n'kumira mpaka m'chiuno, mnzake anachita kumuzula ngati mpiru. Atabwerera anafunsa kuti, "Agogo, kodi ulendowu mukupita kuti kwenikweni?" Ndinawauza. Wamng'ono uja anatuluka panja, ndinamumva akutsokomola nthawi yaitali.

Dengu silinabwerere chabe. Taikamo mbatata ndi tchizi wouma. Unati anyamule mbatata, anyamula.

Tsono umvetse bwino, ndipo uuze aliyense wofunsa, ndi abwana ako omwe. Sangpo sanasamuke. Sangpo sanatsikire kwa mlamu, nyumba yake ili kumtunda ndipo kiyi ali m'thumba. Sangpo ali paulendo wa kuchimbudzi, wangoima panjira chifukwa cha nyengo, monga amachitira azungu akamapita kumapiri. Ku Kathmandu sindingabwere, munthu sayamba ulendo wina woyamba asanaumalize. Ndipo sindili ndekha, tsono za panganolo watsala wopanda chonena.

Ukafunsa kuti nanga pakadali pano ndikuthandizika bwanji, limenelo si funso lofunsa bambo ako. Kampando ka mlamu si chimbudzi, ndi popumulira apaulendo. Kamazizira.

Unditumizire masokosi aubweya, munthu wapaulendo amafunika masokosi. Ndikafika ndikudziwitsa.

Bambo ako,
Sangpo

Mwana wa mkulu wanga, apa ndikulemba ndine Tsomo, iwo akuyesa ndikukonza zilembo. Usade nkhawa. Akudya mbale ziwiri za mphodza yamadzi ija, mawondo akuwotha moto, ndipo madzulo amandiwazira nkhuni kuti andionetse mmene ndimalakwitsira. Chaka chatha ndinawapempha katatu konse kuti atsike, anakana. Tsono pamene anabwera ndi nkhani ya khoma, ndinayang'ana khomo lawo, ndinayang'ana chimbudzi, n'kuwabwereka ng'ombe.

Dzulo kunawala dzuwa, ndipo anthu a abulu aponda kanjira mbali yokwerera ija, koti munthu n'kudutsa bwinobwino. Ndinawauza kuti, "Alamu, njira yanu yatseguka." Anapita pazenera, anayang'ana kumtunda nthawi yaitali, n'kubwerera pambaula.

Anati, "Alamu, munthu wamkulu sathamangira kuchimbudzi. Thiraninso tiyi."